Mmene mungayambire ntchito ya kafukufuku wa kusamala mphamvu m'nyumba, zotchinga kutentha ndi kusunga kutentha

Bungwe la International Energy Agency limawerengera kuti zochitika m'nyumba, monga kutenthetsa, kuziziritsa, kuunikira ndi kuphika, zimatenga pafupifupi 30 peresenti ya mphamvu zonse zimene anthu amagwiritsa ntchito padziko lapansi. Gawo lalikulu la mphamvu zimenezi limathera pa kutentha, chifukwa kumayiko ozizira kutentha kumathawa m'nyumba kudzera m'makoma, m'denga ndi m'mazenera, pamene kumayiko otentha kumalowa kudzera m'malo omwewo. Wofufuza pa ntchitoyi amafunsa chifukwa chimene kutentha kumayendera motero, mmene kungaletsedwere, ndiponso mmene kungasungidwire mpaka nthawi imene kudzafunike. Aliyense woganiza zolowa ntchitoyi adziwiretu chinthu chimodzi, chakuti nyumba yojambulidwa papepala ndi nyumba yomangidwa kawirikawiri sizifanana pa kagwiritsidwe ntchito ka mphamvu, ndipo ofufuza amene amapita patsogolo ndi amene amaphunzira msanga kuyeza kusiyana kumeneku ndi kukufotokoza.

Choyamba, limbitsani fizikisi ya kutentha

Anthu amafika pa ntchitoyi kuchokera ku maphunziro osiyanasiyana: uinjiniya wa makina, uinjiniya wa zomangamanga, fizikisi, kemisitiri, ngakhalenso luso lojambula mapulani a nyumba. Digiri yoyamba iliyonse mwa zimenezi ndi yokwanira, malinga mutaphunzira mozama njira zitatu zimene kutentha kumayendera, zomwe ndi kudutsa m'chinthu cholimba, kunyamulidwa ndi mpweya kapena madzi oyenda, ndi kuwalitsidwa monga mmene dzuwa limachitira. Lamulo la njira yoyambayo analilongosola ndi masamu Joseph Fourier mu 1822, ndipo mpaka lero mawerengedwe onse a makoma amachokera pamenepo. Arthur Rosenfeld, amene anathandiza kwambiri kukhazikitsa kafukufuku wa mtunduwu ku Lawrence Berkeley National Laboratory, labotale ya boma ya ku United States, anali katswiri wa fizikisi ya tizidutswa ta atomu mpaka pamene vuto la mafuta la mu 1973 linamusinthitsa ntchito. Sanayambire ku zomangamanga, koma anali ndi maziko.

Pali manambala amene muyenera kuwasunga pamtima, kuti mukaona chotsatira cholakwika muzichizindikira musanatsegule buku. Kadutsidwe ka kutentha m'chinthu kamayezedwa mu W/mK, kutanthauza mawati pa mita pa digiri iliyonse, ndipo nambalayo ikakhala yochepa ndiye kuti chinthucho chimatchinga bwino kutentha. Mpweya wosayenda uli pafupifupi pa 0.026, ubweya wa miyala kapena wa galasi, womwe ndi ulusi wopangidwira kutchinga kutentha, uli pakati pa 0.035 ndi 0.040, konkire yolimba imaposa 1.4, ndipo chitsulo chili pafupifupi pa 50. Tanthauzo lake ndi lakuti chitsulo chimadutsitsa kutentha kuwirikiza koposa 1,000 poyerekeza ndi ubweya wa miyala, ndipo kuti konkire itchinge kutentha mofanana ndi ubweya wokhuthala masentimita 10, iyenera kukhuthala pafupifupi mamita 4. Phunziraninso kuwerengera U-value, nambala yosonyeza kutentha kumene kumadutsa pa sikweya mita imodzi ya khoma pa digiri iliyonse ya kusiyana pakati pa mkati ndi kunja. Khoma la masikweya mita 10 lokhala ndi U-value ya 2.0 limataya mawati 300 pamene kunja kwazizira ndi madigiri 15 kuposa mkati. Njira yovomerezeka yowerengera zimenezi ili mu muyezo wa padziko lonse wa ISO 6946, ndipo ndi bwino kuwerengera makoma angapo ndi cholembera musanaisiyire kompyuta ntchitoyo.

Musanyozere maphunziro a chinyezi. Nthunzi ya madzi imayenda limodzi ndi kutentha, ndipo ikafika pamalo ozizira mkati mwa khoma imasanduka madzi, matabwa n'kuyamba kuola, khoma n'kuchita chuku, chotchinga chonyowacho n'kusiya kugwira ntchito yake. Nyumba zambiri zakale zimene zinaikidwa zotchinga kumbali ya mkati zawonongeka mwa njira imeneyi, kutanthauza kuti amene adziwa za kutentha kokha sanathe kudziwa khoma.

Chachiwiri, phunzirani kuyeza, ndipo muyeze nyumba zenizeni

Apa ndi pamene ndikulangiza kuti muthere nthawi yochuluka, ngakhale ophunzira ambiri amafuna kudumphapo n'kuthamangira ku kompyuta. M'labotale, kadutsidwe ka kutentha m'chipangizo kamayezedwa poika chidutswa chake pakati pa mbale yotentha ndi mbale yozizira, motsatira miyezo ya ISO 8302 ndi ISO 8301. Pa nyumba yomangidwa kale, kachipangizo koyezera kuyenda kwa kutentha kamamatidwa pakhoma kwa masiku osachepera atatu, kawirikawiri kupitirira pamenepo, monga mmene ISO 9869 imanenera, ndipo zotsatira zimadalirika pokhapokha kusiyana kwa kutentha pakati pa mkati ndi kunja kukakhala kwakukulu ndithu komanso dzuwa lisakuwomba pakhomalo. Palinso chipangizo chotchedwa blower door, chomwe ndi chokupizira mphepo champhamvu choikidwa pachitseko, chimene chimakoka kapena kukankha mpweya mpaka kusiyana kwa mphamvu ya kukankha kwa mpweya pakati pa mkati ndi kunja kufike pa mapasikalo 50, kuti mudziwe kuchuluka kwa mpweya wotuluka m'ming'alu. Kamera yoona kutentha imaonetsa malo amene kutentha kukudutsira, koma imanyenga munthu wosazolowera, popeza chitsulo chonyezimira chimaonetsa kutentha kwa zinthu zochizungulira osati kwake.

Kufunika kwa zonsezi kunaonekera bwino ku United Kingdom, kumene kwa zaka zambiri makoma akale a njerwa opanda mpata pakati ankawerengeredwa kuti ali ndi U-value ya 2.1. Ofufuza atayeza makoma ochuluka m'nyumba zenizeni anapeza kuti ambiri amataya kutentha kocheperapo kuposa pamenepo, zomwe zikutanthauza kuti phindu loyembekezeredwa poika zotchinga linali litakokomezedwa. Kumbali ina, ofufuza a ku Leeds anatenthetsa nyumba zatsopano zopanda anthu ndi magetsi oyezedwa bwino kwa milungu ingapo, ndipo anapeza kuti zambiri zimataya kutentha kochuluka kuposa mmene mapulani ake ankanenera. Zifukwa zake sizikhala zodabwitsa: chotchinga chimene mmisiri sanachikhalitse bwino n'kusiya mpata, chitsulo chodutsa khoma kuchokera mkati mpaka kunja chimene chimakhala ngati mlatho wa kutentha, kapena bowo la paipi limene palibe anakumbukira kulitseka. Zinthu zoterezi simungaziphunzire m'kalasi, choncho pemphani kuti muzipita kumalo omangira nyumba, muone mmene amisiri amagwirira ntchito, ndipo muwafunse chimene chimawavuta poika zipangizo zimene akatswiri amalemba m'mapulani.

Pa muyezo uliwonse lembani tsiku, nthawi, nyengo, malo enieni amene munaika chipangizo, ndi tsiku limene chipangizocho chinayesedwa komaliza ngati chikuyeza molondola. Phunzirani kuwerengera mlingo wa kukayikitsa kwa muyezo wanu, chifukwa kunena kuti chotchinga china chikuposa chinzake ndi 3 peresenti, pamene chipangizo chanu chimatha kulakwitsa ndi 5 peresenti, n'kusanena kanthu.

Chachitatu, dziwani mapulogalamu oyerekezera nyumba

Mapulogalamu odziwika kwambiri ndi EnergyPlus, yopangidwa ndi thandizo la unduna wa za mphamvu wa ku United States ndipo imapezeka mwaulere kuyambira mu 2001, TRNSYS yochokera ku University of Wisconsin, imene anthu a zosungira kutentha amaikonda, ndi WUFI ya bungwe la Fraunhofer ku Germany, yowerengera kutentha ndi chinyezi pamodzi. Sankhani imodzi muidziwe bwinobwino m'malo molawa zonse, ndipo muphunzirenso Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a pakompyuta, yokonzera ndi kusanthula manambala a miyezo. Yambani ndi chipinda chimodzi chimene mungathe kuwerengera ndi manja, muone ngati kompyuta ikugwirizana nanu, kenaka muyerekeze ndi chipinda chenicheni chimene mwayeza nokha.

Chachinayi, sankhani nthambi yanu ndipo muchepetse funso

Nthambi yoyamba ndi ya zotchinga kutentha zenizenizo. Pafupifupi zonse zimagwira ntchito potsekera mpweya m'timipata ting'onoting'ono kuti usayende, ndipo n'chifukwa chake zambiri sizitsika kupitirira nambala ya mpweya wosayenda ija. Zimene zimatsika kupitirira pamenepo zili ndi njira zake. Thovu louma la polyurethane limatsekera mpweya wina wosadutsitsa kutentha kwambiri, koma mpweyawo umatuluka pang'onopang'ono pakapita zaka, ndipo mitundu ya mpweya wololedwa yakhala ikusintha kuyambira pa pangano la mayiko loletsa mipweya yowononga mlengalenga la ku Montreal la mu 1987 mpaka pa zosintha za ku Kigali za mu 2016. Aerogel, yomwe ndi chinthu cholimba koma chopepuka kwambiri, imene Samuel Kistler anaipanga koyamba mu 1931, ili ndi timipata tating'ono kwambiri moti tizidutswa ta mpweya timagunda makoma a timipatato kuposa mmene timagundanirana tokha, ndipo imafika pafupifupi pa 0.015. Mapanelo opopedwa mpweya wonse amafika pafupifupi pa 0.004 akakhala atsopano, koma msomali umodzi wokha ukaboola chikuto chake phindu lake lalikulu limatha. Mafunso otseguka pano ndi okhudza mtengo, kukalamba kwa zipangizo, moto, ndi zotchinga zochokera ku zomera monga ulusi wa mitengo ndi mapesi, zimene zimafuna mphamvu zochepa pozipanga koma zimafuna kusamala pa nkhani ya chinyezi ndi tizilombo.

Nthambi yachiwiri ndi ya kusunga kutentha, ndipo ili ndi njira zitatu. Yosavuta ndiyo kutenthetsa chinthu monga madzi, miyala kapena nthaka. Madzi amasunga makilojulu 4.18 pa kilogalamu iliyonse pa digiri iliyonse, kotero malita 1,000 otenthetsedwa ndi madigiri 40 amasunga pafupifupi 46 kWh, mofanana ndi mayunitsi 46 a magetsi. Ku Denmark njirayi anaikulitsa mpaka kukumba maenje aakulu odzaza madzi ndi kuwavindikira ndi chotchinga choyandama, monga la ku Vojens la makyubiki mita pafupifupi 200,000, kuti kutentha kwa dzuwa la chilimwe kukagwire ntchito m'nyengo yozizira. Ku Okotoks, m'dziko la Canada, nyumba 52 za Drake Landing zinkatenthetsedwa ndi kutentha kosungidwa m'nthaka kudzera m'zitsime zobooledwa 144, ndipo m'zaka zina zoposa 90 peresenti ya kutentha kwa nyumbazo kunachokera ku dzuwa. Makoma okhuthala nawonso amasunga kutentha, monga mmene nyumba ya Eastgate ya ku Harare, imene Mick Pearce anajambula n'kutsegulidwa mu 1996, imaziziritsira konkire yake ndi mpweya wa usiku kuti masana isatenthe msanga.

Njira yachiwiri imagwiritsa ntchito zinthu zimene zimameza kutentha kochuluka pamene zikusungunuka ndi kukubweza pamene zikuundana, zomwe ofufuza amazitchula mwachidule kuti PCM. Kilogalamu imodzi ya madzi oundana imameza makilojulu 334 posungunuka, omwe ndi okwanira kutenthetsa madzi omwewo ndi madigiri 80. Phula la parafini limasunga pafupifupi makilojulu 200 pa kilogalamu, koma limadutsitsa kutentha mochedwa komanso limayaka. Mbiri ya nthambiyi ili ndi phunziro limene aliyense wolowamo ayenera kulidziwa. Mu 1948 Mária Telkes, mogwirizana ndi wojambula mapulani Eleanor Raymond, anamanga nyumba ku Dover, m'chigawo cha Massachusetts ku United States, yotenthetsedwa ndi dzuwa ndipo kutenthako kunkasungidwa mu mchere wa Glauber, umene umasungunuka pa madigiri 32. Poyamba zinayenda bwino, koma patapita zaka zochepa mcherewo unalekana ndi madzi ake n'kukhazikika pansi, zotengera zinachita dzimbiri, ndipo makinawo analeka kugwira ntchito. Mavuto omwewo, kuphatikizapo mchere umene umakana kuundana ngakhale kutentha kutatsika kupitirira pamene unayenera kuundanira, akuvutitsabe ofufuza mpaka lero. Choncho ngati mwasankha nthambiyi, musakhutire ndi kayezedwe ka kachidutswa kolemera mamiligalamu ochepa, koma yesani chipangizo chokulirapo, ndipo muchisungunule ndi kuchiundanitsa kambirimbiri, maulendo mazana kapena zikwi, musananene kuti n'chodalirika. Njira yachitatu, yosunga kutentha poumitsa mchere kapena zeolite, mwala wa timipata tambirimbiri tomwa chinyezi, ndi kukubweza pozinyowetsanso ndi nthunzi, imalonjeza kusunga kwa miyezi popanda kutaya kwambiri, koma zambiri zake zikadali m'labotale.

Nthambi yachitatu imayang'ana nyumba yonse pamodzi ndi anthu okhalamo. Muyezo wa Passivhaus, umene unachokera pa zokambirana za Wolfgang Feist ndi Bo Adamson ndipo nyumba yake yoyamba inamangidwa ku Darmstadt, m'dziko la Germany, mu 1991, umafuna kuti nyumba isapitirire 15 kWh pa sikweya mita pachaka potenthetsa, ndipo mpweya wake usasinthike koposa ka 0.6 pa ola pa muyezo wa blower door uja. Koma anthu amatsegula mazenera, amazimitsa makina, kapena amayamba kutenthetsa kwambiri nyumba ikatchingidwa chifukwa mtengo watsika, ndipo nyumba yotchingidwa bwino ingathenso kutentha mopitirira m'chilimwe. Kuganiza kwanga n'kwakuti kuziziritsa ndiko kudzafune ofufuza ambiri m'zaka zikubwerazi, popeza lipoti la International Energy Agency la mu 2018 linaneneratu kuti makina oziziritsa mpweya padziko adzachuluka kuchoka pa 1.6 biliyoni kufika pa 5.6 biliyoni pofika mu 2050, pamene kafukufuku wambiri wa zotchinga anachitikira kumayiko ozizira.

Mukasankha nthambi, chepetsani funso lanu mpaka likwane m'chiganizo chimodzi chotchula chipangizo, nyengo ndi chimene mukufuna kuyeza. Kunena kuti mukufufuza za PCM m'nyumba n'kutchula mutu chabe. Kufunsa kuti denga lokhala ndi PCM yosungunuka pa madigiri 26 limatsitsa kutentha kwa masana ndi madigiri angati kumalo kumene usiku suzizira mokwanira kuti PCM iundanenso, limenelo ndiye funso limene lingayankhidwe m'zaka zitatu.

Chachisanu, sankhani kokaphunzira poyang'ana mphunzitsi ndi zipangizo

Digiri ya masitazi imakupatsani mwayi woyesa ngati kafukufuku ndi wanu, ndipo ya PhD, imene imatenga zaka zitatu mpaka zisanu malinga ndi dziko, ndiyo imene mayunivesite ndi malabotale a boma amafuna kwa wofufuza woima payekha. Kutchuka kwa yunivesite sikuposa kufunika kwa mphunzitsi wokuyang'anirani. Werengani mapepala atatu kapena anayi amene iwo analemba posachedwapa, muone ngati ali ndi miyezo yeniyeni kapena ndi a pakompyuta pokha, ndipo mufunse ophunzira awo akale za nthawi imene amapereka kwa ophunzira. Funsaninso za zipangizo, chifukwa malo ena ali ndi zipinda zopangira nyengo, monga University of Salford ya ku United Kingdom imene inamanga nyumba yathunthu mkati mwa chipinda chotha kugwetsa mvula ndi kusintha kutentha, ndipo ena monga Fraunhofer ali ndi bwalo loyesera makoma panja ku Holzkirchen. Powalembera kalata, tchulani pepala lawo limene mwawerenga, funso limene lakusiyirani, ndi chimene inuyo mwayeza kapena kuwerengera kale. Thandizo la ndalama limapezeka kudzera m'mapulojekiti a mphunzitsiyo, kapena m'mabungwe monga DAAD ya ku Germany, Commonwealth Scholarship Commission ndi Marie Skłodowska-Curie Actions, ndipo zofunika pa lililonse muziwerenge msanga, popeza kulembetsa kumatsekedwa miyezi yambiri maphunziro asanayambe.

Chachisanu ndi chimodzi, lembani ndi kulowa m'magulu a ofufuza anzanu

Magazini a sayansi amene anthu a ntchitoyi amawerenga kwambiri ndi monga Energy and Buildings, Building and Environment, Applied Energy ndi Journal of Energy Storage. Pepala lanu loyamba lisakhale lalikulu, koma lifotokoze njira momveka moti wina angathe kubwereza zimene munachita, ndipo ngati n'kotheka muike manambala a miyezo yanu pamalo pamene ena angawapeze. Pewani magazini amene amakutumizirani makalata okulonjezani kusindikiza m'masiku ochepa mukalipira, chifukwa pepala lotuluka m'menemo limakuchotserani ulemu. Msonkhano wa Building Simulation wa IBPSA, bungwe la akatswiri oyerekezera nyumba pakompyuta, umachitika kamodzi pa zaka ziwiri, ndipo International Energy Agency ili ndi mapulogalamu a mgwirizano pa za nyumba ndi za kusunga mphamvu, mmene ofufuza a mayiko osiyanasiyana amagwirira ntchito pa funso limodzi kwa zaka zingapo. Wophunzira amene mphunzitsi wake ali m'gulu lotere apemphe kupatsidwa kagawo ka ntchito, ngakhale kotopetsa monga kusonkhanitsa manambala, pakuti ndi mmenemo mmene mudzadziwanirana ndi amene angadzakulembeni ntchito.

Chachisanu ndi chiwiri, konzekerani moyo wa pambuyo pa PhD

Ambiri amayamba ndi ntchito ya kontirakiti ya zaka ziwiri kapena zitatu pansi pa wofufuza wamkulu, ndipo malo okhazikika m'mayunivesite ndi ochepa poyerekeza ndi omaliza maphunziro, choncho musamangirire mtima pa njira imodzi. Makampani opanga zotchinga ndi zosungira kutentha, malabotale oyesa zipangizo, makampani a uinjiniya, ndi nthambi za boma zolemba malamulo a kamangidwe onse amafuna anthu odziwa kuyeza ndi kuwerengera. Kulikonse kumene mungapite, phunzirani za moto. Pa 14 June 2017 moto wa pa Grenfell Tower ku London unapha anthu 72, ndipo unafalikira mofulumira kudzera m'mapanelo okutira kunja amene anali ndi pulasitiki yoyaka mkati mwake, ndipo kumbuyo kwake kunali zotchinga kutentha zoyakanso. Kafukufuku wa boma anapeza kuti panali chinyengo pa kayesedwe ndi katsatsidwe ka zina mwa zipangizozo. Kampani ikakulipirani kuti muyese chipangizo chake, gwirizanani polemba kalata, ntchito isanayambe, za amene ali ndi ufulu wofalitsa zotsatira zikapezeka kuti sizikuikomera, lembani mu lipoti lanu mmene chipangizocho chinaikidwira ndendende poyesedwa, ndipo musunge nokha manambala onse oyambirira a muyezo uliwonse pamodzi ndi zithunzi zake.